Kwa onse amene anandisungira mpando pa wailesi yathu

Loweruka lapitali, nthawi itangokwana 6 koloko madzulo, ndinakhalanso pampando umene ndinausiya miyezi isanu ndi inayi yapitayo, ndipo nyali yofiira itayaka ndinapereka moni kwa omvera athu a kuno ku Joni, ku Rosettenville, ku Mayfair, ku Yeoville ndi ku Diepsloot, ndi a kumudzi komwe. Moni wake unali womwe uja wa masiku onse, koma ndisanaumalize misozi inanditsekereza pakhosi, moti mnyamata amene amayendetsa makina anachita kuika nyimbo kuti ndipume. Usiku umenewo mauthenga anabwera ochuluka kwambiri ndipo sindinathe kuyankha aliyense payekha. N'chifukwa chake ndalemba pano, poyera, kuti aliyense amene anandigwira dzanja amve kuthokoza kwanga.

Ambiri munangomva kuti ndikudwala. Vuto linayamba m'mwezi wa March 2023, pamene namondwe wa Freddy anakokolola nyumba ku Chilobwe, ku Mulanje ndi ku Phalombe. Sabata imeneyo tinali pa maikolofoni usana ndi usiku, kuwerenga mayina a anthu osowa ndi kulumikiza abale a kuno ndi otsala kumudzi. Mawu anga anasasa, koma ndinati ndi kutopa chabe. M'mwezi wa August chaka chomwecho moto unapsereza nyumba ya Usindiso ku Marshalltown, n'kupha anthu oposa 70, ena mwa iwo Amalawi anzathu, ndipo tinayambiranso ntchito yomweyo ya mayina, maliro ndi zopereka zotumizira matupi kumudzi. Ndinapitiriza choncho kwa nthawi yaitali, ndikumwa madzi a mandimu ndi uchi, mpaka tsiku lina ndili pakati powerenga uthenga wachisoni mawu anangozima. Madokotala atandiunika anapeza kachotupa pa timinofu timene timanjenjemera m'kholingo kuti mawu atuluke, ndipo anati kanabwera chifukwa chogwiritsa ntchito mawu mopyola muyeso popanda kupuma. Anandichita opaleshoni, nandiletsa kulankhula kwa sabata yathunthu, ngakhale kunong'ona, pakuti kunong'ona nako kumaumiriza timinofu tomweto. Kenaka inatsatira miyezi yophunziranso kupuma ndi kutulutsa mawu ngati mwana.

M'masiku a chete amenewo ndinali ndi mpata woganiza za kumene mawu angawa anachokera, ndipo ndinaona kuti oyamba kuwathokoza ndi malemu bambo anga. Iwo anagwirako ntchito m'migodi ya kuno pa nthawi ya Teba, ndipo pobwerera kwathu ku Mangochi anatenga njinga, bulangete ndi wailesi. Wailesiyo inkakhala pakhonde itavekedwa kansalu koluka, ndipo mabatire akafooka tinkawayanika padzuwa kuti atipatseko madzulo amodzi ena. Mudzi wonse unkasonkhana kudzamvera Nkhani za m'maboma pa MBC, ndipo ikafika nthawi ya mauthenga achisoni ngakhale ana tinkadziwa kuti sitiyenera kusuntha. Ine ndinkatenga chitsononkho cha chimanga, n'kuima pachulu kuseri kwa nkhokwe, n'kumatsanzira owerenga nkhani. Anthu ena ankati mtsikanayu ngwolongolola. Bambo ankangoti, "Musiyeni, akuwerenga nkhani." Sanakhale ndi moyo mpaka kundimva ndikulankhula pa wailesi yeniyeni, koma wailesi imene anaigula ku Joni ndiyo inandiphunzitsa ntchito imene ndikuigwira ku Joni komweko.

Achiwiri ndi aphunzitsi anga a Chichewa a kusekondale, amene ankandiimika patsogolo pa sukulu yonse Lolemba lililonse kuti ndiwerenge nkhani zimene tinkalemba tokha. Iwo ndi amene anandiuza kuti munthu wowerenga mothamanga amakhala akuopa omvera ake. Inali nthawi imene dziko linali litangotseguka. Kuyambira 1964 mpaka m'zaka za m'ma 1990, munthu wofuna kukhala muulutsi ku Malawi anali ndi khomo limodzi lokha, la MBC ku Chichiri, ndipo kwa mwana wa kumudzi ngati ine khomo limenelo linali kutali ngati mwezi. Koma mu 1997 inabwera Radio 2, chaka chotsatira wailesi ya Dzimwe inayamba ku Monkey Bay, m'boma lathu lomwe, kenaka Radio Maria ndi Capital, ndipo mu 2005 Zodiak inatsegulidwa ku Lilongwe ndi a Gospel Kazako, amene iwonso anayambira pa MBC. Aphunzitsi angawo ankatiuza kuti makomo akuchuluka, ndipo ife tisachite ulesi pogogoda.

Ndinkafunitsitsa kukaphunzira utolankhani ku Malawi Institute of Journalism ku Blantyre, koma bambo anali atamwalira ndipo ndalama zogulitsa usipa zimene mayi ankapeza zinkangokwanira chakudya. Choncho sukulu yanga inakhala wailesi ina ya m'dera, kumene ndinalowa ngati wongodzipereka. Kumeneko ndinakumana ndi mayi wina amene mpaka lero ndimamutchula kuti anakubala. Iwo asanakhale muulutsi anali mlangizi wa zaumoyo, woyenda m'midzi pa njinga, ndipo anabweretsa pa wailesi khalidwe la ntchito imeneyo. Kwa miyezi itatu sanandilole kukhudza maikolofoni. Ankandituma kudoko ndi kachojambulira mawu kuti ndikamve zimene asodzi akudandaula, ndipo ndikabwerako ankandifunsa dzina la munthu aliyense, la mfumu yake ndi la mudzi wake. Ndikalakwitsa limodzi ankandibweza. Ankati dzina la munthu womwalira ukalitchula molakwika pa wailesi, wamuika m'manda kawiri. Anakubala, mawu amenewa ndinali nawo m'mutu usiku uliwonse wa Freddy, ndipo ndikuthokozani chifukwa chondiumira mtima nthawi imene ine ndinkafuna kuthamangira kutchuka.

Ntchito yongodzipereka siidyetsa ana. Mu 2011 ndinakwera basi, kudutsa pa Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge, n'kudzatsikira pa Park Station ndili ndi chikwama chimodzi ndi nambala ya foni ya mlamu wanga. Ndinagwira ntchito ya m'nyumba zaka zisanu. Za zaka zimenezo sindinena zambiri, chifukwa amayi ambiri amene akuwerenga pano akuzidziwa kuposa ine. Chimene chinandisunga ndi pulogalamu ya Chinyanja ya Channel Africa, imene inkaulutsidwa kuchokera ku nyumba za SABC ku Auckland Park. Wailesi imeneyi inayamba mu 1966 ndi dzina loti Radio RSA, n'kusintha dzina mu 1992. Ndinkaimvera pa foni ndikusita zovala za eni nyumba, ndipo ndikakwera takisi yodutsa pafupi ndi nyumba zazitalizo ndinkadziuza kuti muno muli anthu olankhula chilankhulo changa, ndipo akulipidwa chifukwa cha icho. Aulutsi amenewo sitinaonanepo, koma nawonso ndikuwathokoza.

Wailesi yathu ya pa intaneti tinaiyamba mu 2016 m'kachipinda kakuseri kwa nyumba ku Rosettenville, titakhoma mabulangete ndi mathireyi a mazira m'makoma kuti phokoso la msewu lisalowe. Tinali ndi kompyuta imodzi yakale ndi maikolofoni imodzi yobwereka kutchalitchi, imene tinkaibweza Loweruka usiku. Apa ndiye pali anthu amene ndikufuna kukhalitsapo, chifukwa ndiwo anagwira pulogalamu yanga miyezi yonseyi popanda kulandira ngakhale randi imodzi, ndipo omvera ambiri amangodziwa mawu awo osadziwa kumene akuchokera.

Achimwene amene munkawamva akuwerenga nkhani m'malo mwanga anali mphunzitsi wa pulayimale ku Dedza kwa zaka khumi ndi ziwiri. Kuno amalondera pa geti usiku wonse, ndipo nkhani zimene munkamva m'mawa ankazimasulira m'Chichewa ali m'kanyumba ka alonda, akuwunikira ndi foni. Sanalolepo kuti tinene "bajeti" popanda kufotokoza kuti ndi ndondomeko ya chuma cha boma, ndipo ndikuvomereza kuti pa nkhani ya chilankhulo amandiposa. Mchemwali amene anatenga mauthenga achisoni ndi telala, amasoka madiresi aukwati ku Mayfair, ndipo luso lake lolankhula analiphunzira ku Chigwirizano cha amayi ali ku Nkhoma. Iye ankaopa kwambiri gawo limeneli, koma tsiku limene ndinamumva ndili chigonere, akutchula mudzi, mfumu ndi boma la malemu mosaphonya, ndinadziwa kuti omvera ali m'manja abwino. Palinso achimwene a zamasewero, amene anayamba ndi kukuwa m'mphepete mwa bwalo lafumbi ku Ndirande, akuulutsa mpira wa achinyamata ndi chitini pakamwa. Masana amawotcherera zitseko zachitsulo, madzulo amatiuza za Bullets ndi Wanderers ngati ali pa Kamuzu Stadium. Ndipo pali mnyamata wa makina uja, wobadwira konkuno, amene Chichewa chake chinali chosakanizika ndi Chizulu pamene ankabwera. Pa nthawi imene magetsi ankazimazima kangapo patsiku, iye ankanyamula batire la galimoto paphewa kuti tisachoke pa intaneti.

Pa onsewa palibe amene ali ndi satifiketi ya utolankhani, ndipo ndimamva chisoni anthu akamawachepetsa pa chifukwa chimenecho. Sukulu ndi yofunika, ineyo ndimailakalakabe, ndipo ndimalimbikitsa achinyamata athu kuti amene angathe apite. Koma ndaona ndi maso anga kuti choko, singano, kwaya ndi njinga ya mlangizi zimaphunzitsa munthu kumvera anthu asanayambe kuwalankhula. Abale anga, akuluakulu anati mnzako akapsa ndevu m'zimire, ndipo inu munandizimira osawerengera tulo tanu.

Ndikuthokoza madokotala ndi anamwino amene anandichita opaleshoni, makamaka mayi wothandiza anthu kuyambiranso kulankhula, amene sankadziwa Chichewa koma anandipempha kuti ndizichita masewero a mawu m'chilankhulo changa, popeza ndi chimene ndimagwirira ntchito. Anaphunzira kunena "pang'onopang'ono" ndipo ankandiuza mawu amenewa ndikafuna kufulumira. Kwa aulutsi anzanga, alaliki, aphunzitsi ndi oimba, ndikupemphani kuti mawu akasasa kupitirira milungu itatu mupite kuchipatala. Ine ndinachedwa, ndipo kuchedwako kukanatha kundichotsa pa ntchitoyi mpaka kalekale.

Kwa inu omvera, sindidziwa poyambira. Bungwe la amayi a maliro limene takhala tikulengeza misonkhano yake kwa zaka zambiri linasonkha ndalama za mankhwala ndi zoyendera, n'kubwera nazo zitakulungidwa m'mpango. Abale a kumzikiti ndi a mipingo yosiyanasiyana anandipempherera mofanana. Madalaivala a mabasi a kumudzi anandibweretsera uchi, ufa wamgaiwa ndi chambo chouma kuchokera kwa anthu amene sindikuwadziwa n'komwe. Agogo ena a ku Nkhotakota, amene amatimvera pa foni ya mdzukulu wawo, anatumiza uthenga wa mawu pa WhatsApp wongonena kuti, "Mwanangu, khala chete uchire, ife sitikuthawa." Uthenga umenewo ndinaumvera kambirimbiri, makamaka masiku amene ndinkayesa kulankhula n'kungotuluka mpweya.

Amuna anga, bambo a ana anga, inu munakhala pakamwa panga kwa miyezi yonseyi. Munkayankha foni zanga, kuwerenga timapepala timene ndinkalemba, ndi kupirira pamene ndinkakwiya chifukwa chosamveka. Mwana wanga wamkazi anagula kabelu kakang'ono kuti ndiziitanira anthu, ndipo kabeluko ndakasunga pafupi ndi maikolofoni. Mayi anga ku Mangochi sadziwa kuwerenga, choncho sitikanatha kulemberana. Lamlungu lililonse ankaimba foni n'kumalankhula okha kwa theka la ola, za nyanja, za mitengo ya chimanga ndi za amene wakwatiwa, ine ndikungogogoda pa foni kamodzi kusonyeza kuti ndamva. Amayi, zikomo kwambiri.

Madokotala andilola kulankhula pa wailesi ola limodzi lokha patsiku, ndipo ndatsimikiza kumvera. Choncho ndizimveka Loweruka ndi Lamlungu madzulo basi. Nkhani za m'mawa zikhalabe ndi aphunzitsi athu, mauthenga achisoni akhalabe ndi mchemwali wa ku Mayfair, chifukwa magawo amenewa tsopano ndi awo. Masiku otsalawo ndidzakhala ndi atsikana awiri amene apempha kuphunzira ntchitoyi, wina amagulitsa tomato ku Yeoville, wina amasamalira ana. Lolemba likubwerali ndikuwatuma ku Park Station ndi kachojambulira mawu, akacheze ndi anthu amene akungotsika basi, ndipo akabwerako ndidzawafunsa dzina la aliyense, mudzi wake ndi mfumu yake.