Makandulo athu amadikira malaiti

Anthu akamva kuti phula la makandulo athu timalisungunulira m'poto wa malaiti, ambiri amaseka. Amafunsa kuti zingatheke bwanji kuti chinthu chimene munthu amayatsa malaiti akapita chizidalira malaiti omwewo kuti chipangidwe. Funsoli ndi lomveka, ndipo ntchito yathu kuno ku Kapata, mu Chipata, tinaikonza potsata vuto limeneli.

Tinayamba mu 2024, ine ndi mng'ono wanga. Chaka chimenecho mvula inakana, boma linalengeza kumapeto kwa Febuluwale kuti chilala ndi tsoka la dziko lonse, ndipo madzi ku damu la Kariba, kumene amapangira malaiti, anatsika kwambiri moti miyezi ina malaiti ankapita maola 17 patsiku, pena kuposa apo. Kandulo inasanduka ngati mchere, nyumba iliyonse inkaifuna. Tinaitanitsa phula la parafini ku Lusaka n'kuyamba kulisungunulira pa mbaula, chitini cha phula chili m'poto wa madzi owira.

Njira ya mbaula imagwira ntchito, ndipo sindiinyoza. Vuto lake n'lakuti makala samvera munthu. Akakolera, phula limatentha kuposa muyeso. Akayamba kuzilala, limagwirana usanamalize kuthira. Phulusa limagweramo, ndipo pa kandulo yoyera kadontho kakuda kalikonse kamaonekera patali. Nthunzi ya madzi owirawo nayo imadonthera m'phula, kandulo n'kumathetheka ikamayaka. Makandulo a tsiku limodzi ankatuluka osiyana, ena osalala, ena a timaenje.

Itafika nthawi yanga yolandira chilimba, ndinagula poto wa malaiti ndipo anabwera pa basi kuchokera ku Lusaka. Ndi wachitsulo chosachita dzimbiri, ali ndi chivindikiro, kotembenuzira kutentha, ndi kampopi m'munsi. Wofuna kugula wake ayambe wawerenga kachizindikiro kamene kali pansi pa potoyo. Kuno malaiti athu ndi a 230V, ndipo mapoto ambiri otsatsidwa pa intaneti anapangidwira ku America kumene amagwiritsa ntchito 120V. Woteroyo ukamulumikiza kuno amapsa. Aonenso mawati. Poto wa mawati 1,000 akayaka ola lathunthu amadya yuniti imodzi, ngakhale kuti kwenikweni amadya yocheperapo chifukwa akafika pa kutentha kumene wamuikira amazima yekha n'kumayakanso mwa apo ndi apo.

Chimene potoyu anasintha kwenikweni ndi kutentha kokhazikika. Parafini amene timagwiritsa ntchito m'zikombole amasungunuka pa madigiri pafupifupi 60, koma timamutenthetsa mpaka 80 kapena 85 kuti utoto ndi mafuta onunkhira zilowerere bwino. Ukathira mafutawo phula lili lozizirapo, sasakanikirana, ndipo pambuyo pake umawapeza atatuluka ngati thukuta pamwamba pa kandulo. Ukawathira litatenthetsa, fungo limathera m'khitchini mwako, wogula n'kupita ndi kandulo yopanda kanthu. Manambala olembedwa pa kotembenuzira sindiwakhulupirira kwenikweni. Ndili ndi choyezera kutentha chapadera chimene ndimaviika m'phulamo, ndipo chimene chanena icho ndicho ndimatsata.

Zonse timayeza pa sikelo. Pa kilogalamu imodzi ya phula timathira magalamu 60 a mafuta onunkhira. Utoto uyenera kukhala wosungunuka m'mafuta. Wa makeke uja ndi wamadzi, umangokhala timadontho pansi pa poto. Ena amasungunula makrayoni a ana, mtundu umatuluka wokongola ndithu, koma timadukaduka take timatseka chingwe ndipo kandulo imazima yokha.

Kugwira ntchito ndi malaiti osadalirika kunatiphunzitsa kukonzekeratu. Masana malaiti kulibe, timadula phula tizidutswa ting'onoting'ono kuti lisachedwe kusungunuka, timayeza, timalowetsa zingwe m'zikombole n'kuzikoka kuti ziime pakati penipeni. Malaiti akabwera, kaya ndi pakati pa usiku, chotsala n'kuyatsa poto basi. Akapita uli pakati pa ntchito, poto wovindikira amasunga kutentha kwa kanthawi, koma kampopi ndiko kamayamba kuuma chifukwa kali kunja. Apo timathira msanga m'zikombole zimene zakonzeka, lotsala n'kulikhuthulira m'zitini. Kampopi kakatsekeka sitikachokocha ndi msomali. Timadikira malaiti, phulalo limasungunuka lokha. Ka inveta ka sola kamene tili nako n'kounikira ndi kutchajira mafoni, potoyu sikangamukwanitse.

Makandulo oyera wamba tinawasiya msanga. Mapaketi a ku fakitale amene amadzaza m'mashopu a ku Down Shops ndi ku Saturday Market amatchipa kuposa mmene ife tingagulitsire titawerengera phula ndi thiransipoti ya mtunda woposa makilomita 500 kuchokera ku Lusaka. Amene anatitsegula maso ndi mayi wina wachikulire wa kutchalitchi kwathu. Atagwira kandulo imodzi yaikulu imene tinangopanga moyesa, anati, "Mwanawe, izi n'zosalala chonchi mwapanga nokha? Nanga bwanji ife timavutika kuitanitsa za ubatizo kutali?"

"Amai, mukatiuza kukula kwake ndi tsiku, tipanga," ndinawayankha.

Kuyambira pamenepo ntchito yathu yaikulu ndi ya matchalitchi: makandulo a ubatizo, a Ukaristia woyamba, ndi ang'onoang'ono amene akhristu amagwira m'manja usiku wa Pasaka. Kenako panabwera a maukwati ndi ma kitchen party, amene eni ake amafuna mtundu wofanana ndi chitenje chimene asankha. Apa m'pamene poto wa malaiti amabweza ndalama yake, chifukwa munthu akaitanitsa makandulo ambiri a mtundu umodzi, yoyamba ndi yomaliza ziyenera kufanana. Timapanganso a m'magalasi okhala ndi citronella (mafuta a fungo limene udzudzu sulikonda), amene amakondedwa ndi anthu okhala panja madzulo ndiponso ena otengera ku Mfuwe, kumene alendo amakaona nyama zakutchire. Wogula aliyense ndimamuuza kuti fungolo limangochepetsa udzudzu pafupi ndi pamene wakhala, neti asaisiye.

Kandulo yaikulu ili ndi khalidwe lake. Parafini akamazizira amanyala, pakati n'kutsala dzenje mozungulira chingwe. Timasiya phula pang'ono m'poto, n'kubaya timabowo pafupi ndi chingwe, kenako n'kuthiranso kachiwiri. Pa mbaula zinkafuna kukoleza makala ena chifukwa cha kapu imodzi ya phula, pamene pano poto amangolisunga lili lamadzi. Nyengo nayo imalowerera. Mu Okutobala kutentha kwa Chipata kumapinda makandulo aatali ali pa shelefu, choncho timasakaniza stearin (mafuta ouma olimbitsa phula), gawo limodzi pa magawo 10 a phula, kuti alimbe ndiponso azichoka mosavuta m'chikombole. Mu Juni ndi Julaye timayamba tafunditsa magalasi tisanathire, apo ayi phula limagwira msanga m'mbali n'kusiya mizere yoyera. Chingwe nacho chimayenderana ndi kunenepa kwa kandulo: chochepa chimangokumba dzenje pakati, chachikulu chimatulutsa mwaye ndi kudontha. Kukula kwatsopano kulikonse timayamba tayatsa imodzi kunyumba mpaka ithe.

Chimene ndimanyadira kwambiri ndi phula la njuchi. M'midzi yozungulira muno muli alimi osunga njuchi, ndipo ena akafinya uchi zisa amangotaya. Timawagula. Kutsuka kwake timachitira panja, pa mbaula yakale ija: timawiritsa zisa m'madzi, kusefa pa nsalu, n'kusiya usiku kuti phula liume pamwamba, zinyalala zitsalire pansi. Likauma bwinobwino m'pamene limalowa m'poto wa malaiti. Limasungunuka pa madigiri 62 mpaka 64, ndipo ukalipitiriza 85 limada, chikasu chake chokongola chija n'kutha. Makandulo ake amayaka nthawi yaitali, amanunkhira uchi popanda kuthira kanthu, ndipo ndi amene timagulitsa mokwera.

Pa chitetezo sitinyengerera. M'poto simulowa dontho la madzi, ngakhale potsuka. Timamupukuta ndi pepala akadali wofunda. Poto sayaka popanda munthu pafupi, ndipo malaiti akapita timamuzula pakhoma kuti asadzayake yekha tili m'tulo. Phula likagwira moto silithiridwa madzi, chifukwa limathovoka n'kumwaza motowo. Umazima malaiti ndi kuvindikira. Ana a m'nyumba muno amadziwa kuti pakhomo la chipinda chimenecho ndi polekezera.

Pano chotivuta n'chakuti poto ndi mmodzi. Ukasungunuliramo phula lofiira lonunkhira, ngakhale upukute motani, kampopi kamasungako pang'ono, ndipo kandulo yoyera ya paguwa yotsatira imatuluka yotuwira kufiira. Pakadali pano timayamba ndi zoyera, kenako zachikasu, zakuda mtundu kumapeto, ndipo za njuchi zili ndi tsiku lakelake. Chilimba cha mng'ono wanga chikatuluka tigula poto wachiwiri, wamkulupo, amene adzakhala wa makandulo oyera a kutchalitchi okha.