Sabata ya usiku ku wodi ya kangaru

Sabata ino ndinagwira ntchito ya usiku ku wodi ya ana obadwa masiku asanakwane. Lolemba anatibweretsera mapasa kuchokera ku chipatala chaching'ono cha kumudzi, wina wolemera makilogalamu 1.6, mnzake 1.4. Mayi awo anali atataya magazi ambiri moti sakanatha kudzuka, ndiye mwana mmodzi anamufungatira agogo ake, winayo azakhali ake.

Kakhanda kotere kamazizidwa msanga, ndipo kuzizidwako kumapha. Thupi lake liyenera kukhala pakati pa madigiri 36.5 ndi 37.5. Timakaika pachifuwa pa munthu wamkulu katavala thewera ndi chipewa chokha, n'kukamanga ndi chitenje, usana ndi usiku. Njirayi, imene timaitchula kuti kangaru, inayambira ku Bogotá m'dziko la Colombia cha m'ma 1978 chifukwa makina ofunditsira ana ankachepa, ndipo kuno kwathu inayamba pachipatala chachikulu cha Zomba mu 1999.

Lachitatu agogo aja anandiitana. "Anamwino, ine pano ndikungokhala, ntchito mukugwira ndi inuyo. Bwanji ndipite ndikapalire, udzu wandithera chimanga?" Zinandikhudza mtima. Munthu wagona chokhala masiku onsewa, msana ukumuphwanya, akudzuka maola awiri alionse kumwetsa mwana mkaka wofinyira m'kapu, koma akuyesa kuti akungokhala! Ndinawauza za kafukufuku wa bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO amene anatuluka mu 2021, wochitikira ku Malawi, Ghana, India, Nigeria ndi Tanzania. Anapeza kuti kuyamba kangaru mwana akangobadwa, osadikira kuti ayambe wapeza mphamvu, kunachepetsa imfa za makanda aang'ono kwambiri ndi 25 pa imfa 100 zilizonse. Ndinawauza kuti chifuwa chawocho ndi mankhwala amene ine sindingawapeze ku famase. Anangoseka, koma kumunda sanapite.

Usiku wa Lachinayi, ndili kumapeto kwa wodi kuika kachubu m'mphuno mwa mwana wina, agogo omwewo anakuwa kuti mwana wasiya kupuma. Ana otere amachita zimenezi, ubongo wawo umakhala usanakhwime mokwanira kuti uzikumbutsa thupi kupuma. Pamene ndimafika n'kuti iwo akumusisita kale kumsana monga tinawaphunzitsira, ndipo mwana anapumanso. Ana ndi ambiri, ife anamwino ndife ochepa, maso anga sakanakhala pa mwana ameneyo mphindi imeneyo. Amene anamva kuti kamimba kasiya kugunda ndi amene anamufungatira.

Lachisanu mayi a mapasawo anabwera pa njinga ya odwala n'kutenga wamng'onoyo, azakhali nawo anapeza mpata wokasamba ndi kuphika. Loweruka m'mawa sikelo inaonetsa kuti onse awiri ayamba kukwera. Ndinalemba m'mafayilo awo, ndipo popereka lipoti kwa anzanga a masana ndinawapempha kuti agogowo awapezere pilo wotsamira.