Mbatata ya makilo 12

Inde, manja ndinatambasula. Zimenezo sindikana, kalasi yonse inaona. Koma uja akumauza anthu mu chapa (minibasi) kuti ndinakwera pa desiki n'kumaikira kumbuyo mbatata yanga mpaka misozi, ameneyo Mulungu akumuona. Popeza tsopano ngakhale mayi wa mandasi pageti akumandiitana kuti Doze Quilos, ndiye kuti Makilo 12, bola mumve kwa mwini wake.

Pakamwa ntchitoyo inali yosavuta. A Doutor, aphunzitsi athu a Estatística (masamu a ziwerengero) ku yunivesite, anati gulu lililonse likayeze zinthu 30 zenizeni, libwere ndi média (avereji), mediana, moda (nambala yobwerezedwa kwambiri) ndi desvio padrão. Ena anayeza misinkhu ya anzawo m'kalasi momwemo, aulesi. Ine, mwana wa ku Angónia weniweni, ndinati tiyeze kachewere, amene m'mapepala timalemba batata reno. Malole amachoka ku Tete ndi ku Beira kudzanyamula mbatata kwathu kuno, ndiye ine ndiziyeza msinkhu wa munthu? Anzanga awiri a m'gulu anavomera ndi mtima wonse, kenaka Loweruka la ulendo mafoni awo onse anathima nthawi imodzi.

Ndinapita ndekha kwa azakhali ku Dómuè. A Doutor anali atanenetsa kuti amostra, mbatata zoti ndiyezezo, ikhale aleatória, kutanthauza kuti mbatata iliyonse m'thumba ikhale ndi mwayi wofanana wosankhidwa, ngati maere. Ndinawafotokozera azakhali bwinobwino kuti nditsinzina, ndipisa dzanja m'thumba, yomwe yagwidwa yagwidwa. Anandiyang'ana ngati ndatukwana pamaliro.

"Iwe, ukufuna a ku yunivesite akaone timisinkhu ta nthudza n'kumati kwa aujeni sadziwa kulima? Choka apo."

Anakhutula thumba lonse pamkeka n'kuyamba kusankha okha, ngati mmene amakonzera ndowa ya pamsika, zikuluzikulu pamwamba. Amene anatsutsanapo ndi azakhali ake pakhomo pawo n'kupambana, ndiye andigende.

Sikelo tinabwereka kwa mnyamata wogulitsa nyemba, ija yaing'ono ya mabatire. Mwana wa azakhali, wa giredi 5, ankaika mbatata n'kuwerenga, ine n'kumalemba. 0,19. 0,24. 0,21. Zinayenda bwino mpaka ya nambala 29. Ya 30 inali mfumu ya zonse, yomwe azakhali anaisungira kumapeto. Apo n'kuti mwana uja atatopa, akuseweretsa mabatani, ndipo anadina kamene kamasintha makilo kukhala magalamu. Anati, "350!" Ine ndinalemba 350. Kunja kunkada, kuzizira kwa mu Meyi kutayamba kulowa m'mafupa, chapa yomaliza yobwerera ku Ulónguè ikuliza hutala kumsewu. Munthu aliyense akanalemba 350.

Usiku wa Lamlungu ndinalowetsa zonse mu Excel pa kompyuta yobwereka, mayunitsi a magetsi atatsala pang'ono kutha. Mbatata 29 zija pamodzi zinakwana makilo 6,1. Kuphatikiza 350, kugawa ndi 30, média inatuluka 11,87. Ndinaiona nambalayo, sindinama. Kamtima kanagunda pang'ono. Koma ndinadzifunsa kuti pakati pa ine ndi makina a ndalama zambiri chonchi, wolakwitsa masamu angakhale ndani? Ndinaikongoletsa ndi mtundu wofiira, n'kukagona.

Lolemba anzanga aja anatulukira, mafoni atachira, atavala malaya ositasita. Anaima kumbuyo kwanga, ine n'kumalankhula Chipwitikizi cha pa Lamlungu. Nditafika pa média ndinakweza mawu, chifukwa ndinkaona kuti mpamene pali ulemerero wa boma lathu. Ndinati mbatata ya ku Dómuè, pa média, imalemera makilo 11,87.

M'kalasi munangoti zii. A Doutor anavula magalasi, anawapukuta ndi nsonga ya malaya, anawavalanso. Sanakwiye, ndipo chimenecho ndicho chinandipha. Anandifunsa mwaulemu ngati akufunsa njira:

"Makilo 11,87. Thumba kapena mbatata imodzi?"

"Imodzi, a Doutor."

"Chabwino. Tationetsani ndi manja kukula kwake."

Apa mpamene ndikufuna mundimvetse. Mutu wanga unkadziwa mbatata zomwe ndinanyamula ndi manja angawa. Zinali ngati chibakera. Koma kumbuyo kwanga pakhoma panali 11,87 wofiira, wamkulu ngati chitseko, ndipo ndinali nditamutchula ndi pakamwa panga. Ndinayamba ndi manja oyandikana, ngati ndagwira lalanje. Ndinayang'ana nambala ija. Ndinawatalikitsa pang'ono, kufika pa papaya. A Doutor anangokweza nsidze, osanena kanthu, ngati akuti pitirizani. Ndinafika pa dzungu. Wina kumbuyo anatsokomola. Manja anapitirira okha, ine osawatuma, mpaka ndinaima pamaso pa anthu nditakumbatira mphepo ngati ndanyamula mtsuko wa mowa wa pa ukwati, miyendo nditaitang'adza kuti katunduyo asandigwetse. Ndinafika mpaka popinda msana pang'ono. Chifukwa chake sindikuchidziwa mpaka lero, mwina thupi linkafuna kuthandiza. Ndinakhala choncho nthawi yokwana kuphika nyemba zouma, ndipo ndikayang'ana m'mbali, anzanga a m'gulu anali atasuntha mwakachetechete mpaka pafupi ndi chitseko, akuwerenga kalendala ya pakhoma ngati muli nkhani.

"Musaigwetse," anatero a Doutor.

Kalasi inaphulika. Mtsikana wina wa ku Tsangano anagwa pampando weniweni. Wina anakuwa kuti makilo 12 ndi mwana wa zaka ziwiri, ndiye azakhali amakumba ndi khasu kapena amaitana azamba?

Akanalekera pomwepo bwenzi ndikuyenda momasuka m'tauni muno. Koma anati tione desvio padrão, ija imaonetsa mmene nambala zamwazikira kutali ndi média. Yanga inali pafupifupi makilo 64. Ndinali nditagawa ndi n − 1, ndi 29 osati 30, monga amafunira pa amostra, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anandiyamikira pa zimenezo. A Doutor anatenga choko n'kuchotsa 64 pa 11,87. Inatsala −52.

"Ndiye kuti kwa azakhali anu kuli mbatata zina zolemera makilo 52 kunsi kwa ziro. Ukaika m'thumba, thumba limapepuka. Mbatata ya ngongole."

Kenaka anapempha tebulo lonse la nambala, n'kuyendetsa chala mpaka pansi. 350. Anati imeneyi payokha ndi matumba 7 a feteleza a makilo 50, ngolo ya ng'ombe ingalire nayo. Anandifunsa mediana yanga. Ndinali nayo, inali pomwepo pansi pa média, timalemba tating'ono: 0,21. Anati nambala ziwirizi zakhala zikukuwa usiku wonse kuti pali china chalakwika, inu munagona bwanji? Mediana ndi ya pakati ukazindandalika kuyambira yaing'ono mpaka yaikulu, ndiye chimphona chimodzi cha kumapeto sichiisuntha. Média imatengeka ndi aliyense wolemera. Anapereka chitsanzo choti bwana wa mgodi wa malasha ku Moatize atakwera chapa yodzaza alimi, média ya malipiro m'galimotomo ingalumphe, koma palibe mlimi angatsike ndi metikali yoonjezera m'thumba. Anthu analemba zimenezo m'makope mwachangu, ndipo ndikukhulupirira kuti m'mbiri ya kalasi imeneyo palibe tsiku lina limene anamvetsa phunziro ngati limenelo. Anamvetsera pamsana panga, ulere.

Phunziro la nambala zosochera ngati imeneyi, amati outlier, analiphunzitsa kale, eti. Tsiku lake ine ndinali ku Calómuè kuperekeza amalume amene ankaolokera ku Dedza kuchipatala. Zimenezi amene akundiseka satchula.

Titakonza 350 kukhala 0,35, média inatsika kufika 0,215, kugwirizana ndi mediana ngati ana a mimba imodzi. Ndinapuma, ndikuganiza kuti zatha. A Doutor anayang'anabe tebulo lija n'kunena kuti mbatata 30 zotoledwa mwamaere sizingakhale zonenepa zokhazokha chonchi, popanda ndi kamodzi komwe kakang'ono. Anafunsa amene anasankha. Ndinati maere. Anandiyang'ana. Ndinati maere ake anali azakhali. Anati vuto la 350 limakonzedwa ndi chala chimodzi, koma la azakhali ngakhale mutayeza mbatata 3000 silichoka, chifukwa zonsezo zidzakhala za pamwamba pa ndowa.

Pa pauta, pepala la zotsatira, gulu lathu linapeza 11 pa 20. Tinadutsa, poti malire ndi 10, koma za dispensa, yoti usalembe mayeso omaliza, imene imafuna 14, tinaiwala. Anzanga aja akudandaula kuti ndinawatsitsa, anthu amene mbatata anaziona koyamba pakhoma. Ine changa n'chakuti akanangondipatsa 11,87 yangayo, ikanakwera kukhala 12.

Nkhani inafika ku Dómuè ine ndisanafike, koma inafika mopindika. Azakhali akuuza aliyense kutchalitchi kuti a ku yunivesite anayeza ndi makina n'kupeza kuti mbatata zawo n'zamakilo 12, ndipo akweza mtengo wa ndowa. Ndinayesa kuwafotokozera za mediana, anati ndisawachitire nsanje. Mfumu ya mbatata ija anaikazinga tsiku lomwelo ndinachoka, ndiye umboni palibe mbali zonse ziwiri.

Mwini sikelo akuti mabatire tinamuthera, akufuna atsopano. Semesita ikubwerayi kuli probabilidade, ndipo ndamva kuti kumakhala zoponya ndalama m'mwamba. Mwini sikeloyo adikire kaye.