Mkangano wa Wakanda Forever ndiwo unakuza bizinesi yathu ya malaya

Mwezi uno tatsegula shopu yathuyathu ku Rosettenville, kuno ku Johannesburg. Bizinesi yosindikiza malayayi inayamba kuyenda bwino mu November 2022, pamene filimu ya Black Panther: Wakanda Forever inatuluka. Nthawi imeneyo tinali ndi heat press imodzi yokha, makina omatira zojambula pa malaya ndi chitsulo chotentha, pakona ya chipinda chogona.

Chinatibweretsera makasitomala ndi mkangano wa oonera. Chadwick Boseman, amene ankasewera mfumu T'Challa, ngwazi ya Black Panther, atamwalira mu August 2020, opanga filimu anasankha kusaika munthu wina pamalo pa T'Challa. Ena mwa anzathu kuno ku Joni ankati ulemu wake ndi umenewo, munthu ayenera kuliridwa. Ena, makamaka anyamata, ankati ana alandidwa ngwazi yawo, kunali bwino apeze wina asewere. Panalinso odandaula kuti maola 2 ndi mphindi 41 n'zotalika, ndi oti Shuri, mlongo wake wa T'Challa, sanafike pa mchimwene wake. Pa Angela Bassett pokha, amene anasewera mayi wa T'Challa, panalibe wotsutsa. Ife Amalawi tinali ndi chonyadira china: mayi Connie Chiume, amene anasewera Zawavari, bambo awo anali a ku Nkhata Bay. Mayiwa atamwalira kuno ku Johannesburg mu August 2024, ambiri anabwera kudzalembetsa malaya owakumbukira.

Mbali iliyonse inkafuna malaya ake. Amene anakhudzidwa ndi maliro a koyambirira kwa filimu ankafuna oyera, monga anavalira olira aja. Otsatira T'Challa ankafuna akuda okhala ndi zojambula zasiliva. Ntchito ziwirizi n'zosiyana kwambiri. Malaya oyera a poliyesita timagwiritsa sublimation, njira yolowetsa inki mu nsalu poitenthetsa: madigiri 190 mpaka 200, masekondi 45 mpaka 60, inki imalowa mu ulusi weniweniwo ndipo simatuka. Pa nsalu yakuda njirayi sigwira chifukwa ilibe inki yoyera, ndipo pa thonje imasuluka mukangochapa. Akuda athonje amafuna vinyl (kapulasitiki kodulidwa n'kumatidwa pa nsalu) kapena DTF (chojambula chosindikizidwa pa kapulasitiki n'kumatidwa pa nsalu), pa madigiri 150 mpaka 160 kwa masekondi 15. Musanaike chojambula, panikizani malaya masekondi 5 kuti chinyezi chichoke. Mukadumpha pamenepa, m'mphepete mumayamba kutukuka. Zojambula ndi zathu zomwe, zotengera mikanda ndi zitenje. Zizindikiro za eni filimu sitisindikiza, zili ndi eni ake.

Nthawi yowawa inali December 2022, kuthimathima kwa magetsi kutafika pa stage 6, pamene magetsi ankathima maola ambiri tsiku lililonse. Heat press imadya mawati pafupifupi 1,500 kapena kuposa, ndiye ka inverter ka pa TV sikangaidzutse. Magetsi akathima kenako n'kubwera, pamafunika kudikira kuti chitsulo chitenthe mofanana paliponse. Maoda a Khirisimasi anali ataunjikana, ndipo nthawi yomweyo wotigulitsa malaya anatipatsa mabokosi olembedwa kuti thonje lokhalokha, koma nsalu yake inali yosakaniza, yopyapyala. Inapsa, n'kusiya chizindikiro chonyezimira cha chitsulo pachifuwa. Tinabweza ndalama za makasitomala onse. Bwana wotigulitsa malaya uja, mafoni athu munasiya kuyankha, koma dziwani kuti shopu tatsegula. Wakatapila amene ankati tipinyolitse makina kuti tigule jenereta, makinawo akadali m'manja mwathu.

Tikuthokoza Mulungu. Tikuthokoza amayi a chipereganyu chathu amene anatipatsa ndalama nthawi yathu isanakwane kuti jenereta igulidwe. Achimwene a ku Turffontein amene anatibwereka galaja yawo. Abusa ndi kwaya yathu, oda yoyamba yaikulu inali yanu. Madalaivala a mabasi opita Blantyre ndi Lilongwe amene mumafikitsa maphukusi athu kumudzi. Ndiponso inu anyamata okangana za mafilimu pa gulu la WhatsApp, amene mumatiuza msanga zimene anthu adzafune.

Tsopano tili ndi heat press ziwiri ndi makina odulira vinyl. Timasindikiza malaya a kwaya, a mabungwe a maliro, a timu za mpira, a zinkhoswe ndi a ana okonda ngwazi za m'mafilimu. Oda ya gulu tiuzeni kudakali mlungu wathunthu, ndipo bweretsani mndandanda wa masaizi. Mukatenga malaya, dikirani maola 24 musanachape, muwatembenuze, muchape ndi madzi ozizira, ndipo simbi isakhudze chojambula. Tifikeni Lolemba mpaka Loweruka, mudzagwire nsalu ndi manja anu musanapereke dipoziti.