Mafayilo athu pakati pa Nchalo, Bangula ndi Nsanje

Gulu lathu ndi laling'ono ndipo timagwira ntchito ndi alimi a mthirira. Ine ndili ku Nchalo, wina ali ku Bangula, wina kuboma ku Nsanje, wowerengera ndalama ali ku Blantyre. Mafayilo tinkatumizirana pa WhatsApp, mpaka lipoti limodzi linkakhala ndi makope ambirimbiri, lenileni osadziwika. Ntchito yofunafuna njira ina inagwera ine.

Funso langa linali limodzi: netiweki ikathawa, munthu angatsegulebe fayilo yake? Kuno kuchigwa funso limeneli si lamasewera. Namondwe Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, kenako Freddy anabwera mu Malichi 2023 n'kudula misewu.

Ndinayang'ana mapulogalamu angapo osungira ndi kugawana mafayilo. Ceph ndi GlusterFS sindinachedwe nazo. Zimafuna maseva angapo (makompyuta osungira mafayilo a onse) olumikizana mwachangu usana ndi usiku, pamene ife tili ndi malaputopu ndi mabandulo ogula ndi ndalama za m'thumba. Google Drive imapereka 15 GB yaulere, koma zonse zimadutsa pa intaneti, ngakhale anthu awiri atakhala pa tebulo limodzi. Nextcloud, yomwe ili ngati Google Drive yodziikira wekha, ndinaikonda, kungoti imafuna seva yoti wina aziisamalira, ndipo winayo akanakhala ine.

Ndinasankha Syncthing, pulogalamu yofananitsa mafayilo pakati pa makompyuta. Ndi yaulere, ndipo kompyuta iliyonse imasunga kope lake lonse la foda. Nditaiika pa laputopu yanga inandipatsa Device ID, mzere wautali wa zilembo ndi manambala wozindikiritsa kompyutayo. Anzanga ananditumizira awo, tinavomerezana mbali zonse ziwiri, ndiyeno ndinagawa foda ya malipoti. Fayilo ikasinthidwa, zimatumizidwa ndi zidutswa zosinthazo zokha. Tikakumana pa WiFi imodzi, makompyuta amapatsana okha mafayilo osadya bandulo.

Chovuta chake n'chakuti makompyuta awiri ayenera kuyaka nthawi imodzi kuti apatsane zinthu. Ndiye ndinaika Raspberry Pi (kakompyuta kakang'ono) ndi hadidiraivu pa batire ya sola kuno ku Nchalo kuti izikhala yoyaka nthawi zonse. Ili pashelefu yapamwamba chifukwa cha madzi, ndipo ndinaiikira kafani, poti kutentha kwa Okutobala kuno simasewera.

Musaiwale kuyatsa File Versioning, gawo la Syncthing losunga makope akale. Munthu akafufuta fayilo ku Bangula imafufutikanso kwa tonse, koma mukayatsa zimenezi kope lakale limabisidwa mufoda ya .stversions.

Anthu awiri akasintha fayilo imodzi asanalumikizane, Syncthing siisakaniza. Imasunga makope onse awiri, lina n'kulilemba kuti sync-conflict. Wowerengera ndalama ataona zimenezi anandiimbira: "Achimwene, Excel yanga yabereka mapasa, mwaitani?" Tinagwirizana kuti aliyense azilemba mufoda yake, ndipo kaundula wa alimi azimugwira munthu mmodzi yekha. Zithunzi za kuminda tinaziikira foda yapadera, imene a ku Nsanje amaiimitsa kaye mpaka atapeza WiFi.