Chitedze cha azungu ndi apongozi anga

Amene munandiona pa Kapata mwezi wa Okutobala 2024 ndikuyenda miyendo tang'a ngati mwana wonyowetsa thewera, lekani kundinenera zambiri, nkhani yake ndi iyi ndipo ndikuifotokoza kamodzi chabe.

Ndinagula basi. Osati yatsopano ayi, ka Rosa kotopa kamene kankanyamula ana a sukulu ina ya pulaiveti kuno ku Chipata, injini ikulira bwinobwino koma mkati ngati khola la mbuzi. Nzeru yanga inali yoti ndichotse mipando yonse, ndiikemo bedi, kabenchi ndi kakhitchini, ndizibwereketsa kwa alendo opita ku Mfuwe kukaona nyama ku South Luangwa, ndiye Febuluwale ikakwana ndikaimike ku Mtenguleni pa Nc'wala anthu osowa pogona azindilipira. Pa pepala ndinali wolemera kale. Koma ndalama zinaperewera pakati, amake mwana anakwera ulendo wa ku Katete kukalankhula ndi amayi awo, ndipo apongozi anagulitsa ng'ombe imodzi n'kutibwereka. Ng'ombe imeneyo muisunge m'mutu.

Kuchotsa mipando kunanditengera sabata ziwiri chifukwa mabauti onse anali atagwirana ndi dzimbiri, sipanala imangozungulira, mpaka ndinabwereka galainda. Manje mukumbukire kuti chinali chaka chija cha chilala madzi atachepa ku Kariba, malaiti amabwera nthawi imene afiti akuweruka, ndiye ine 2 koloko usiku ndili gwiii kudula mabauti, agalu a mu komboni monse akuuwa, aneba akutukwana pa windo. Pansi pa mipando ndinapeza chingamu cha zaka zambiri, mapensulo odzaza kapu, ndi nsapato imodzi ya mwana imene ndikhulupirira mwini wake anakwapulidwa nayo tsiku limenelo. Ndinapala dzimbiri, ndinatseka mabowo a mabauti, ndinapaka red oxide, penti yoteteza ku dzimbiri, pansi ponse. Mpaka apa ndinali munthu wanzeru.

Vuto la basi ndi loti ndi chitini. Okutobala wa kuno ukalowamo masana ndi uvuni weniweni, ukhoza kukazinga nshawa pa dashibodi, ndiye tangoganizani ku chigwa ku Mfuwe kumene kumatentha kuposa kuno. Juni akafika ndi fuliji, ndipo mukagonamo anthu awiri mpweya umene mukupuma umakagunda denga lozizira lija n'kusanduka madzi, m'mawa kumakudontherani pamphumi ngati mvula chikhalirecho kunja kulibe ndi kamtambo komwe. Ndiye pakati pa chitsulo chakunja ndi siling'i pamafunika kuikapo chinthu chotchinga kutentha ndi kuzizira. Izi ndinaziphunzira pa YouTube kwa azungu a ku America amene amasandutsa zimabasi zawo zachikasu zija kukhala nyumba. Pali mdala wina kalipentala pafupi ndi kwathu, anabwera kudzaona n'kunena kuti mwana wanga ntchito iyi ndikhoza kukuthandiza tikagwirizana mtengo, ine ndinamuyankha kuti adala musavutike, zonse zili mu foni. Anangoti chabwino, n'kukwera njinga yake.

Ndinayamba ndi kaylite, zoyera zija zimabwera m'makatoni a mafuliji, koma ine ndinagula mashiti ake enieni a 25 mm. Ndinayeza bwino, ndinadula ndi mpeni wa kukhitchini kuti chidutswa chilichonse chilowe pakati pa nthiti za denga, ndipo zinalowa mokongola mwandi. Pomata ndinagula guluu wachikasu uja wa m'chitini amene amamatira nsapato, poti ndinaona kuti amagwira chilichonse. Ndinapaka denga lonse, ndinapaka ma kaylite, ndinamata, ndinajambula n'kuponya pa WhatsApp, kenako ndinapita kukadya nsima. Pobwerako ndinaima pakhomo la basi ndikuganiza kuti mwina ndalowa basi ya wina. Kaylite yense anali atadyeka mabowomabowo ngati masamba a chimanga chogwidwa ndi mbozi, kwina akulendewera ngati mamina, kwina wagwa pansi ali phala. Guluu ameneyo ali ndi mankhwala a mtundu wa thina, ndipo kaylite akakumana ndi thina kapena petulo amasungunuka. Mwana aliyense amene anamatapo beseni lobooka ndi kaylite wosungunula mu petulo amadziwa zimenezi, ine ndemwe ndinachitapo ndili mwana, koma tsiku limenelo mutu unali ku America.

Mdala uja anadutsa madzulo, anasuzumira, sanalankhule kanthu, anangofunsa kuti kodi foni ija yatha chaji.

Apa m'malo modzichepetsa ndinakwiya. Ndinaitanitsa fibreglass ku Lusaka, chimpukutu chachikulu chinabwera pa basi makilomita oposa 500 pa Great East Road, ndinakachinyamula pa siteshoni ndi njinga ziwiri za hayala. Nditachimasula ndinachikonda pompo, chofewa ngati thonje la ku jinale, chopepuka, ukachikanikiza chikubwerera. Azungu a mu foni aja poika zimenezi amavala ovolosi, magolovesi, magalasi ndi chotseka mphuno, ine ndinati awa ndi mantha chabe a anthu osazolowera ntchito, ife tinakulira kukolola thonje ndi manja. Komanso kunali kutentha kosati masewera. Ndinavula shati, ndinatsala ndi kabudula yekha, ndinayamba kukankhira zinthu zija kudenga mutu uli chagada, thukuta lili chuchuchu, tifumbi tonyezimira tikugwera pamimba, m'khwapa, pamsana, kutsetsereka ndi thukuta mpaka kulowa kumene kabudula amayambira ndi kupitirira.

Amene munakulira kumudzi mukuchidziwa chitedze. Ichi chinali chitedze chopita ku sukulu. Chinayamba pang'onopang'ono m'mikono, pofika madzulo thupi lonse linali moto, ndinathamangira kubafa ndinauza amake mwana kuti andiphikire madzi otentha kwambiri, ndinatenga chinkhupule ndikudzikhula ndi mphamvu zanga zonse, ndiye kunali kuzikhomerera mkati. Usiku umenewo sindinagone, ndinkadzikhukhuza pa khoma ngati nkhumba.

M'mawa ndinapita ndekha kwa mdala uja, chipewa m'manja. Anandiuza kuti si thonje limenelo, ndi galasi lopota timaulusi tating'onoting'ono, tikalowa pakhungu sukanda ndipo susamba madzi otentha, umatsuka ndi madzi ozizira osakhula, totsalira umachotsa ndi selotepi, umamata pakhungu n'kumatula. Ndiye ananenetsa kawiri kuti zovala zimene unagwirira ntchito uzichape pazokha, zisakhudzane ndi zina. Ine ndinali kalikiliki kukanda, mawu omalizawo analowera khutu ili n'kutulukira linalo. Amake mwana anathera selotepi iwiri pamsana panga, ndipo poti ndine munthu waubweya pachifuwa, aneba anamvanso kukuwa kwina.

Mdalayo anavomera ntchito, pa mtengo wokwera kuposa woyamba uja, ati kuonjezerapo ndi ya foni. Kunena zoona anaigwira bwino. Anavala ovolosi yake, anamaliza kuika fibreglass, anakuta ndi pulasitiki kuti chinyezi chisalowemo chifukwa ikanyowa imasunga madzi n'kudyetsa denga ndi dzimbiri, anamanga timabateni pa nthiti zija ndi masikuluwu aafupi, ati ukaika aatali ubowola denga mvula ya Disembala idzakupeza pabedi. Siling'i anaika pulaiwudi ya 4 mm chifukwa ndi imene imavomera kupindika kutsata denga la basi, tinapaka vanishi, pansi tinayala kapeti ya pulasitiki, kunja pamwamba tinapaka penti yoyera kuti dzuwa lizibwerera. Ukalowamo masana unkamva kusiyana ndithu, ngakhale mawindo ambirimbiri aja amalowetsabe kutentha, makatani anali asanasokedwe.

Fibreglass inatsalako chidutswa chachikulu ndithu. Amake mwana anati atate ake mwana, chotsani chinthu chanuchi mukataye, ine ndinati ndalama sitaya. Kabenchi kanali kalibe kushoni, siponji ndinali ndisanagule, ndiye ndinapinda chidutswa chija bwinobwino, ndinachikulunga ndi chitenje chakale chopyapyala, n'kuika pabenchi kuti ndijambule zithunzi za pa Facebook. Chinaoneka ngati sofa ya mu hotela. Ndinati ndichotsa ndikatha kujambula.

Loweruka lake apongozi anafika kuchokera ku Katete pamodzi ndi amalume a amake mwana, kudzaona kumene ng'ombe yawo inapita. Ine ndinasamba, khungu linali litayamba kupola, ndinavala thalauzi langa la kutchalitchi. Chimene sindinauze munthu ndi choti kabudula uja ndinamuponya mwakabisira m'beseni limene munanyikidwa zovala za pa Sabata, poti amake mwana anali atakana kumugwira. Ndinangoyenda kuchoka m'nyumba kufika pa basi, ndinamva chayamba, kumalo kumene mkamwini sangafikitseko dzanja pamaso pa apongozi ngakhale nyumba ikupsa.

Analowa m'basi, amalume akugogoda siling'i ndi chala akugwedeza mutu, ine ndinakhala pansi pa sitepe ya pakhomo monga mwa ulemu, maso pansi, ndikuomba m'manja kupereka moni. Ndikudzutsa mutu pang'ono ndinaona apongozi akulunjika pa kabenchi. Pakamwa panatseguka koma mawu sanatuluke, mungawauze bwanji apongozi kuti amayi musakhale pamenepo, pamalo pabwino pokhapo m'basi yogulidwa ndi ng'ombe yawo? Anakhala. Anadzinyekulira uku ndi uku n'kunena kuti koma ndiye pofewa, anatsamiranso mkono, kenako anatenga ngodya ya chitenje chija n'kupukutira thukuta m'khosi.

Amalume anayamba nkhani, ndipo ndi munthu woti akayamba amachokera pa chiyambi penipeni. Anafotokoza za ng'ombe ija, mayi wake wa ng'ombeyo, mmene chilala chawonongera chimanga, mtengo wa ufa, ine ndili pa sitepe ndikusuntha thako limodzi, kenako linalo, ndikudzikhuza mochenjera pa mphepete ya chitsulo ngati ndikukonza kakhalidwe, misozi ikulengeza. Amalume anaima n'kufunsa kuti akamwini, kodi muli bwino? Ndinati ndili bwino atate, nkhani ya chilalayi yandikhudza. Anakondwa ndi yankho limenelo ndipo anaonjezera mphindi zina makumi awiri.

Ndi pamene ndinaona phazi la apongozi likuyamba kugunda pansi. Kenako phewa linagwedezeka. Anakonza duku, anakonzanso duku lomwelo, dzanja linatsika kufika m'khosi n'kubwerera msanga poti nawonso sangakande pamaso pa mkamwini. Tinakhala choncho anthu awiri olemekezana, wina kubenchi wina pa sitepe, aliyense akuyang'ana kumbali, tonse tikunyekulira mwakachetechete ngati tikumva ng'oma imodzi imene amalume sakuimva. Amake mwana analowa ndi thobwa, anayang'ana amayi awo, anayang'ana ine, anayang'ana chitenje cha pabenchi, ndipo jagi inatsala pang'ono kugwa.

Apongozi ndi amene anagonja poyamba. Anaimirira mwaulemu wonse, anati mwana wanga tandiperekeza kuseri, anatsika masitepe ine nditapatuka, koma atangopota kuseri kwa nyumba tinamva mapazi akuthamanga ndi mawu oti madzi, madzi, mayo ine. Ine ndinaiwala mwambo wonse ndinakuwa kuti ozizira amayi, osati otentha, ndipo musakhule! Amalume anandiyang'ana nthawi yaitali, kufuna kumvetsa kuti mkamwini akudziwa bwanji za kasambidwe ka mlongo wawo. Ndinayesa kufotokoza za galasi lopota, anatenga chitenje chija kuti aone okha, anachinunkhiza, anachisisita pa tsaya kuti amve kufewa kwake ndisanawaletse.

Selotepi ya pa kantemba ka pafupi inatha tsiku limenelo. Anagona kwathu masiku awiri osandilankhula, chakudya ndinkadyera m'basi.

Patatha sabata amake mwana analandira foni kuchokera ku Katete, ine mtima uli m'mwamba kuti basi ng'ombe ija ikufunidwa lero lomwe. Anamvetsera, anati eya amayi, eya, ndiwauza. Atadula anati amayi akuti ngongole ikadalipo musaiwale, koma akuti chitedze chanu chotsala chija musataye, muwatumizire pa minibasi ya mawa, pali anyamata ena akumawabera nkhuku usiku ndipo akufuna achiyale pakhomo la khola.