Mmene tinasankhira ma subject a fomu 3, ana awiri mitu yosiyana

Nkhani ya ma subject a fomu 3 makolo ambiri kuno timangowasiyira ana okha, mwana nkuona kumene athamangira anzake naye nkulembetsa konko basi. Ine chaka chino anandigwera awiri nthawi imodzi, mtsikana wanga ndi mnyamata wa mlongo wanga amene bambo ake ali ku Joni, onse atangolemba JCE pa CDSS ina chakunja kwa boma la Mangochi, ndiye ndati ndilongosole mmene tinayendera mwina ena zingakuthandizeni.

Sitinayambire pa ma subject ayi, tinayambira pa mmene a MANEB amawerengera MSCE, chifukwa ambirife timangomva kuti mwana wa auje wapeza 14 points ife nkumaomba m'manja osadziwa kuti 14 yo yachokera pati. Giredi 1 ndi 2 ndi distinction, 3 mpaka 6 ndi credit, 7 ndi 8 ndi pass wamba, 9 ndiye wagwa. Mapointi amaphatikiza ma subject sikisi amene wakhoza bwino kwambiri, ndiye akachepa mpamene zili bwino. Ku mayunivesite a boma, kumene amasankha kudzera ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a ukachenjede, amafuna ma credit sikisi Chingerezi chili momwemo, ndipo Chingerezi ukangopeza 9 satifiketi palibe olo masamu utamenya 1. Izi ndinawauza onse awiri pamodzi, zinazo aliyense ndinakhala naye payekha.

Mtsikana sanavute, iye ndi za unamwino kuyambira kalekale, amaona ana a KUHeS, yunivesite ya zaumoyo, amene amabwera kudzaphunzirira kuno ku Mangochi ndiye mtima unapita komweko. Tinatenga nyuzi yakale imene munali chilengezo cha NCHE tinawerenga zimene amafuna pa maphunziro a zaumoyo, ndipo zimangobwerabwera zomwezo, bayoloje, fizikisi, kemisitiri, masamu, Chingerezi. Apa mpamene achikulirefe timasokonekera, nthawi yathu kunali Physical Science imodzi, pano anaigawa pawiri, ndiye mwana akati ndasiya kemisitiri koma fizikisi ndikutenga usaganize kuti zili chimodzimodzi, watseka khomo la chipatala ameneyo. Ndinamuuza abweretse malipoti a fomu 1 ndi 2 ndi makope omwe, osangodalira zotsatira za JCE. Masamu anali bwino ndithu, kope la kemisitiri ndiye linali ndi manotsi okopera aukhondo bwino koma ma calculation ochepa kwambiri, zimene zinandipatsa funso lokafunsa kusukulu.

Kusukuluko ndinapita m'mamawa dzuwa lisanayambe kulusa, nkupempha kuonana ndi aphunzitsi oyang'anira za maphunziro. Mafunso anga anali achindunji, fizikisi ndi kemisitiri fomu 3 akuphunzitsa ndani, anaphunzira zimenezo ku koleji kapena angogwirizira, nanga labu ilipo? Anaseka kaye kenako ananditengera mu staff room nkutsegula kabati yachitsulo. Labu yake ndi imeneyo. Munali timabotolo tamankhwala tina zolemba zake zitafufutika, ma beaker osakwana kalasi, sikelo imodzi, ndi batire la galimoto limene amagwiritsa ntchito pophunzitsa za magetsi. Sindikuwanyoza, anthuwo akuyesetsa, koma pa MSCE sayansi ili ndi pepala la practical, mwana amene sanagwirepo burette, kachubu kagalasi koyezera mankhwala amadzi, manja amanjenjemera tsiku la mayeso. Aphunzitsiwo anandiuza mosabisa kuti achikulire, mwana wanuyu mutu ulipo, atenge zonse zitatu koma pa holide mumupezere kokachita ma practical ku sukulu yokhala ndi labu yeniyeni, ife timapita nawo kamodzikamodzi thiransipoti ikapezeka. Za Additional Mathematics anati pasukulupo palibe wophunzitsa, komanso imathandiza kwambiri amene akuloza za uinjiniya ku mayunivesite a MUBAS ku Blantyre kapena MUST ku Thyolo, wa unamwino asadzisenzetse katundu wosafunika.

Mnyamata ndiye inali ntchito. Nditamufunsa kuti iwe ukufuna udzapange chani anangoti malume ine ndikungodikira pasipoti. Ana ambiri kuno maganizo ndi amenewo, akuona anzawo abwera pa Disembala ndi mawilo ndi ma speaker, ndiye sukulu amangoti bola nditsirize. Sindinalimbane naye za Joni, ndinangomufunsa kuti ukakafika uko ukakagwira ntchito yanji yoti bwana asakuthamangitse mawa lake. Mwanayu Loweruka lililonse amakhala kudoko kuthandiza amene amakonza injini za maboti, amatha kumasula carburettor nkuibwezera bwinobwino, koma kumukhazika pa mole concept, ma calculation a kemisitiri aja, tulo basi. Malipoti ake agiri, jogalafe ndi bayoloje zinali pamwamba, Chichewa bwino, masamu apo ndi apo, Chingerezi chikulendewera.

Ndiye kwa iye tinayang'ana makomo ena. Pali Malawi College of Fisheries pa Mpwepwe pompano, pali makoleji a pansi pa TEVETA, bungwe loona za maphunziro a ntchito zamanja, ngati Nasawa ku Zomba, komanso za mahotela poti nyanja yathuyi malo ogona alendo ndi mbwee. Anzake amamuuza kuti asiye sayansi yonse atenge zoloweza zokhazokha kuti mapointi atsike, ine ndinakana. Tinagwirizana kuti fizikisi asunge chifukwa za magetsi ndi injini azikakumana nazo kutsogolo, kemisitiri asiye, m'malo mwake alimbikire jogalafe ndi Social and Life Skills kumene credit angaipeze osalira. Ndinamuuza poyera kuti posiya kemisitiri maphunziro ena a sayansi ku LUANAR, yunivesite ya zaulimi, akhoza kudzamukana, anati malume ndamva, ndiye tinatseka. Ndalama ya part time imene bambo ake amatumiza tinati ipite ku Chingerezi osati kwina.

Panabukanso ka nkhani ka Bible Knowledge. Ana amati ndi yophweka, imatsitsa mapointi, ndipo alipo ana achisilamu amene amaitenga nkukhoza bwino. Mlongo wanga sanafune kuti mnyamatayo aitenge, mwana wake ndi wa ku madrasa, ndipo ine sindinaone chifukwa chokanganirana poti History inalipo. Mtsikana ndi amene anatenga Bible Knowledge ngati yopumirapo pakati pa sayansi zakezo.

Chiwerengero tinaonetsetsa kuti asatenge sikisi yeniyeni, imodzi ikaterereka ndiye kuti zonse zapita, komanso asaunjike khumi ngati akukweza matumba a usipa pa kabaza. Aliyense anatsala ndi eyiti. Fomu yosankhira ma subject tinasaina, aphunzitsi anati masabata oyambirira a teremu mwana akhoza kusintha akaona kuti zamukulira koma pakapita nthawi salola chifukwa silabasi imakhala yapita patali. Anandikumbutsanso kuti ku fomu 4 polembetsa mayeso a MANEB ndidzaone ndi maso anga pepala la ma subject ndi kalembedwe ka dzina tisanalipire, chifukwa zikalakwika pamenepo kukonzetsa kwake nkovuta. Alamu anga ku Joni ndinawatumizira chithunzi cha fomuyo pa WhatsApp, anangoyankha kuti zili bho alamu, ya part time nditumiza pa 30.